Kalata yotseguka kwa oyang'anira maphunziro ndi mawayilesi: zidule zalowa m'Chingerezi choyankhula

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, akuluakulu okonza masilabasi ku Malawi Institute of Education ku Domasi, akuluakulu a bungwe la mayeso la MANEB ku Zomba, ndi inu nonse oyendetsa nyumba zoulutsira mawu m'dziko muno,

Landirani ulemu wanga. Ine ndine mphunzitsi wa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale, ndipo kalatayi ndailemba poyera chifukwa nkhani yake ilibe mwini mmodzi. Ikukhudza wokonza silabasi, wochonga mayeso, wowerenga nkhani pawayilesi, ngakhalenso amene amalemba makalata a boma ku Capital Hill.

Zilembo zomwe kale tinkangoziona papepala kapena pafoni, masiku ano zikutuluka pakamwa. Mtsikana wa Fomu 3 akadabwa sanenanso kuti "oh my God", amatchula zilembo zitatu, OMG. Mnyamata akamva nthabwala yosaseketsa kwenikweni amangoti "lol" ("laughing out loud", kuseka mokweza), nkhope ili gwa, ngakhale dzino limodzi osaoneka. Wina potuluka m'kalasi amauza anzake kuti BRB ("be right back", ndibweranso pompano), wina poyankha mnzake pa mtsutso wa pasukulu amayamba ndi TBH ("to be honest", kunena zoona). Akuluakulu nawo sanatsalire. M'maofesi ASAP ("as soon as possible", mwamsangamsanga) ndi FYI ("for your information", kuti mudziwe) zimanenedwa tsiku lililonse, ndipo ena ASAP samutchulanso chilembo chimodzichimodzi, amangoti "eyisapu". M'chipinda cha aphunzitsi nkhaniyi imatigawa. Ena amati ana aononga Chingerezi, mafoni awazunguza mitu, pafunika lamulo loletsa ndi chilango chake. Ine ndikukupemphani kuti lamulo lotere musalipange. Pali ntchito ina yoti igwiridwe, yovutirapo koma yaphindu, ndipo gawo lake lalikulu likuyambira pa mayankhulidwe a m'maofesi mwanu momwemo.

Ndiyambe ndi mantha akuti izi ndi zachilendo. Liwu la Chingerezi lomwe lafika kutali kuposa ena onse, OK, linabadwa ngati chidule cholembedwa. Linatuluka m'nyuzipepala ya Boston Morning Post ku America pa 23 March 1839, nthawi yomwe atolankhani a mumzindawo anali ndi masewera ofupikitsa mawu atawalakwitsa dala kalembedwe. OK ankaimira "oll korrect", m'malo mwa "all correct". Anzake obadwa nawo limodzi, monga OW woimira "oll wright", anafa osasiya mbewu. OK anapulumuka chifukwa chaka chotsatira, mu 1840, otsatira a Martin Van Buren anamutenga n'kumugwiritsa ntchito pa kampeni ya upulezidenti, poti mtsogoleri wawoyo ankatchedwa Old Kinderhook potengera tawuni yakwawo. Mbiri imeneyi anaifukula ndi Allen Walker Read wa ku Columbia University m'zaka za m'ma 1960. Lero agogo amene sanapondeko m'kalasi amati "oke" pogula sopo pa okala, ndipo palibe mphunzitsi amene amawaloza chala kuti akuononga chiyankhulo cha eni ake.

Kudandaula nako n'kwakale. Mu 1712 mlembi wa mabuku Jonathan Swift analembera kalata yapoyera nduna yaikulu ya zachuma ku Britain, Robert Harley, kupempha kuti pakhale bungwe lokonza Chingerezi ndi kuchimanga kuti chisasinthenso. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake anali atadandaula kale m'nyuzi ya Tatler za anthu odula mawu pakati, ndipo limodzi mwa mawu omwe ankamunyansa linali "mob", lodulidwa ku mawu a Chilatini akuti "mobile vulgus". Bungwelo silinakhazikitsidwe, koma "mob" lero ali mu mtanthauziramawu aliyense amene mumatitumizira m'sukulu, pamodzi ndi "bus" yemwe anali "omnibus". Nanga OMG uja timati ndi wa ana a mafoni? Malo akale omwe akatswiri anamupeza ndi m'kalata ya mu 1917, yomwe mkulu wopuma wa asilikali a pamadzi ku Britain, Lord Fisher, nkhalamba ya zaka 76, analembera Winston Churchill. Mu March 2011 akonzi a Oxford English Dictionary anaika OMG, LOL ndi FYI m'buku lawo. Sanatero pofuna kusangalatsa achinyamata. Ntchito yawo ndi kulemba mawu omwe anthu akugwiritsa ntchito, kaya akuwakonda kaya ayi.

Chimene mafoni anachita ndi kuchulukitsa chinthu chomwe chinalipo kale. Uthenga woyamba wa SMS unatumizidwa ku Britain pa 3 December 1992, ndipo uthenga umodzi unkalola zilembo 160 zokha. Ife amene tinagwirapo mafoni a mabatani tikukumbukira bwino: kuti utulutse chilembo s unkadina 7 kanayi, c unkadina 2 katatu, ndipo ukangopitirira malire ndi chilembo chimodzi, mayunitsi ankadyedwa a mauthenga awiri. Munthu unkabwerera m'mbuyo kufufuta apa, kudula apo, "you" n'kukhala u, "tomorrow" n'kukhala tmrw, kuti zonse zikwane. Kunali kusamala ndalama ndi chala, osati ulesi. Twitter itabwera mu 2006 ndi malire a zilembo 140 inangowonjezera nkhuni pamoto.

Koma malire amenewo anatha. Pa WhatsApp munthu akhoza kulemba tsamba lonse, kapena kungojambula mawu n'kutumiza. Ndiye n'chifukwa chiyani zidulezi, m'malo mofa, zasamukira pakamwa? Apa m'pamene ndikufuna muimepo pang'ono, chifukwa yankho lake ndi lomwe likuonetsa kuti lamulo loletsa silingagwire ntchito. Pakamwa zambiri mwa zidulezi sizifupikitsa kalikonse. OMG ali ndi maphatikizo atatu, "oh my God" alinso ndi atatu. BRB ndi "be right back" n'chimodzimodzi. Zilembo www zikatchulidwa m'Chingerezi zimatenga maphatikizo 9, pamene "world wide web" ndi atatu okha. Choncho mwana amene akutchula zilembozi sakusunga nthawi, pali china chimene akuchita nazo. Mtsikana wakwaya amene sangayerekeze kutchula dzina la Mulungu pachabe amati OMG mtima uli m'malo, chifukwa zilembo zafewetsa mawuwo. Pali zidule zina zomwe zimabisa mawu otukwana, ndipo ana amazinena pamaso pa akuluakulu podziwa kuti sitimva. TBH amachenjeza mnzako kuti zomwe zikubwerazi zikhoza kumuwawa. Ndipo zonse pamodzi zimati "ndife amodzi, timacheza malo amodzi", monga momwe m'badwo uliwonse umakhalira ndi mawu akeake omwe makolo sawamva.

LOL ndiye wayenda ulendo wautali kuposa onse. Anayamba ngati "laughing out loud", kuuza mnzako amene sakukuona kuti ukuseka. Katswiri wa ziyankhulo John McWhorter anafotokoza mu 2013 kuti masiku ano LOL sakunenanso za kuseka, wasanduka kachizindikiro kosonyeza kuti oyankhulanawo akumvana ndipo palibe wakwiya. Kwa ife oyankhula Chichewa izi si zovuta kumva. Taganizani kusiyana kwa "wachedwa" ndi "wachedwatu eti". Timawu monga eti, paja, kaya, basi, tilibe tanthauzo loti ungaliloze, koma ukatichotsa chiganizo chimauma, nthabwala imasanduka mlandu. Mwana akati "I failed maths lol" sakuseka kulephera kwake, akupempha mnzake kuti asachite naye manyazi. Mphunzitsi amene angolemba mzere wofiira pansi pake osamvetsa zimenezi wataya mwayi wophunzitsa chinthu chachikulu chokhudza momwe chiyankhulo chimagwirira ntchito.

Nanga zidulezi zikuonongadi kalembedwe ka ana? Ofufuza anayesapo kuyankha. Sali Tagliamonte ndi Derek Denis a ku University of Toronto anasanthula mawu oposa 1 miliyoni omwe achinyamata ankalemberana pa intaneti, ndipo mu 2008 anapeza kuti zidule zamtunduwu sizinafike ngakhale 3 peresenti ya mawu onse. Ku Coventry University ku England, Beverly Plester ndi Clare Wood anapeza kuti ana a pulayimale omwe ankafupikitsa mawu kwambiri pafoni sanali otsalira pa kalembedwe, ndipo kawirikawiri anali omwe ankachita bwino powerenga. Chifukwa chake n'chomveka: kuti uchotse mavawelo mu "tomorrow" uyenera kudziwa kaye pomwe ali.

Komabe sindikufuna kuti mutenge zofufuza zimenezi n'kugona nazo tulo. Ana a ku Coventry ndi ku Toronto amamva Chingerezi kunyumba, pamsewu, pa wailesi yakanema, kuyambira ali kumsana. Mwana wathu wa ku Ntchisi kapena ku Phalombe amakumana nacho m'kalasi, nthawi zambiri buku limodzi akugawana ndi anzake angapo. Akafika pafoni ya mkulu wake, akhoza kukumana ndi "bcoz" asanakhazikike pa "because". Kwa iyeyu chidule si kufupikitsa liwu lomwe akulidziwa, ndi liwu lenilenilo. Ine zimenezi ndimaziona m'zimangirizo: u m'malo mwa "you", "coz", "pliz", ndi kalata yofunsira ntchito yotsekera ndi "thx". Ndikamufunsa mwini wake kuti alembe liwulo lonse, ena amalemba bwinobwino, kusonyeza kuti kunali kungoiwala kuti akulembera ndani. Ena amayang'ana kudenga. Magulu awiriwa akudwala matenda osiyana, ndipo chilango chimodzi sichingachize onse. Woyamba akufunika kuphunzira malo ndi nthawi. Wachiwiri akufunika mabuku oti aziwerenga, kuti liwu lathunthu alione kambirimbiri mpaka limukhale m'maso. Mudziwa inu kuposa ine kuti lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndiponso kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Kwa ana athu nkhaniyi si yamasewera.

Malo ndi nthawi ndi chinthu chomwe mwana wa Chimalawi amachidziwa asanalowe Sitandade 1. Amadziwa kuti mnzake ndi iwe, malume ndi inu. Amadziwa kuti moni wa pabwalo la mpira si moni wopatsa apongozi a mchemwali wake. Palibe amene anamuletsa kunena kuti iwe, anangomuphunzitsa woyenera kuuzidwa choncho. Inu a ku Domasi, pamenepa m'pomwe silabasi ingamange. Tipatseni phunziro lomveka bwino, lokhala ndi zitsanzo zenizeni, pomwe ana atenga uthenga wa pa WhatsApp n'kuusandutsa kalata yopita kwa a hedi, kenako n'kuunena pakamwa ngati ali pamaso pa ofunsa mafunso a ntchito. Akhale akusinthasintha choncho mpaka khutu lawo lizolowere kumva kuti "TBH, Mr Chairman" sizikugwirizana. Phunziro lotere silifuna kompyuta kapena magetsi, likufuna bolodi ndi choko basi, ndipo lingatheke ngakhale pa CDSS yakutali kwambiri.

M'phunziro lomwelo muikemo zinthu zomwe timangozidumpha chonsecho zimagwetsa ana. Zidule zina zimatchulidwa chilembo chimodzichimodzi, monga MP ndi FYI. Zina zimawerengedwa ngati liwu, monga PIN ndi SIM, ndipo zikakhalitsa anthu amaiwala kuti zinali zidule: "radar", "laser" ndi "scuba" onse anayamba choncho, n'chifukwa chake lero timamva anthu akuti "PIN number" chonsecho N uja akuimira kale "number". Kusiyana kumeneku kuli ndi ntchito pa galamala. Timati "an MP" ndi "an MSCE certificate", koma "a UN report", chifukwa chimene chimalamula ndi kamvekedwe ka chilembo pakamwa, osati maonekedwe ake papepala. Pali zinanso zomwe zimalembedwa mwachidule koma powerenga mokweza zimayenera kutambasulidwa. Wowerenga bwino akaona e.g. amati "for example", akaona i.e. amati "that is", akaona etc. amati "et cetera". Ife ambiri tinakula tikumva "itisi" kwa aphunzitsi athu, ndipo tikupatsira ana athu zomwezo. Si tchimo lalikulu, koma mwana ayenera kudziwa zonse ziwiri kuti asankhe yekha.

Kwa inu a MANEB pempho langa ndi lalifupi. Pa gawo la note-making timaphunzitsa ana kufupikitsa mawu, ndipo timawayamikira akalemba govt kapena e.g. pamalo poyenera. Tsiku lotsatira mwana yemweyo akalemba "bcoz" m'chimangirizo timamuchotsera malikisi. Kwa ife aphunzitsi kusiyana kwake n'koonekeratu, koma kwa mwana wa zaka 16 zimaoneka ngati tikungosintha malamulo mmene tafunira. Tithandizeni ndi ndondomeko yolembedwa, yofika m'manja mwa mphunzitsi aliyense, yonena zidule zovomerezeka, pepala lomwe zikuloledwa, ndi chimene chimachitika mwana akalemba zosavomerezeka. Mu 2006 bungwe la mayeso ku New Zealand linanena kuti ngakhale silikulimbikitsa kalembedwe ka pafoni, yankho losonyeza kuti mwana wamvetsa phunziro likhoza kulandira malikisi pa maphunziro ena, ndipo kunabuka mkangano waukulu. Sindikunena kuti titengere zimenezo. Kwa ana ophunzira Chingerezi ngati chiyankhulo chachiwiri, ine ndingakonde kuti pa mayeso mawu azilembedwa athunthu. Koma iwo aja anayankhula poyera, aliyense anadziwa pomwe aima.

Tsopano ndifike pomwe pandilembetsa kalatayi, ndipo mundikhululukire mwambi womwe ndinene: anyani amasekana zikundu. Ife akuluakulu amene tikudandaula za LOL wa ana ndife amene tadzaza mayankhulidwe a dziko lino ndi zilembo, ndipo zathuzi ndi zoopsa kuposa zawo. LOL wa mwana amapita kwa mnzake amene akumumva. Zilembo zathu zimapita kwa anthu amene sakuzimva, pa nkhani zokhudza mimba zawo, matupi awo ndi ndalama zawo.

Ndinakhalapo pa msonkhano wa chitukuko kwathu, pansi pa mtengo wa mango, mafumu ali pamipando kutsogolo, amayi atayala zitenje pansi. Mlendo wochokera ku ofesi ina anayankhula Chichewa chabwino ndithu, koma chiganizo chilichonse chinali ndi mfundo ya zilembo. Anati VDC ilembe lipoti, lipite ku ADC, a M&E akaliona lilowe mu DDP, ndipo za DSA tikambirana pa AOB. Anthu ankagwedeza mitu mwaulemu. Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye pafupi anandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, a M&E akunenedwawa ndi a mudzi uti?" Palibe anafunsa mokweza, chifukwa kufunsa n'kudzionetsa umbuli pamaso pa alendo. Msonkhano unatha ndi pemphero, aliyense anawomba m'manja, ndipo ndikukayika ngati theka la anthuwo linadziwa chimene lavomereza. Mlendoyo sanali munthu woipa. Anangozolowera kuyankhula monga amalembera malipoti, osazindikira kuti zilembo za m'lipoti zamutsatira mpaka pakamwa.

Kuchipatala ndiye nkhani yake imafika pa moyo. Madokotala ali ndi zidule zawo zochokera ku Chilatini: bd kutanthauza kawiri patsiku, tds katatu patsiku, stat nthawi yomweyo. Pakati pa iwo okha zimathandiza. Koma ndamvapo pawindo lolandirira mankhwala mayi wobereka mwana kumbuyo akuuzidwa kuti "awa ndi tds", mzere uli wautali, wotsatira akukankha kale. Anatuluka ndi timapepala ta mapiritsi m'manja n'kuyamba kufunsa odwala anzake pakhonde. Ku America bungwe loyendera zipatala la Joint Commission linafika poletsa zidule zina mu 2004, litaona kuti chilembo U choimira "unit" chinkawerengedwa ngati 0, wodwala n'kupatsidwa mankhwala ochuluka kakhumi. Ngati zilembo zingasokoneze anamwino ophunzira, nanga mayi wa kumudzi? Ndikudziwa kuti zipatala sizili pansi panu, koma amene amaima pawindo paja anadutsa m'makalasi athu, ndipo ndife amene sitinamuphunzitse kufunsa kuti, kodi amene ndikuyankhula nayeyu akundimva?

Ngakhale ophunzira kwambiri zimawagwetsa. Mu 2012, pa kafukufuku wa Leveson wokhudza khalidwe la atolankhani ku London, mkonzi wakale wa nyuzipepala Rebekah Brooks anaulula kuti David Cameron, yemwe pa nthawi ya kafukufukuyo anali nduna yaikulu ya Britain, ankatsekera mauthenga ake ndi LOL poganiza kuti akutanthauza "lots of love", mpaka atauzidwa tanthauzo lake. Dziko linaseka, palibe anavulala. Kwathu kuno tili ndi zosokoneza zathu zomwe zimamveka pawayilesi. DPP ndi chipani cha Democratic Progressive Party, komanso ndi mkulu woimira boma pa milandu, Director of Public Prosecutions. PAC ndi bungwe la azipembedzo la Public Affairs Committee, komanso ndi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, Public Accounts Committee. Wowerenga nkhani akati "a DPP alamula kuti mlanduwo uthetsedwe", womvera amene watsegula wayilesi pakati pa nkhani akhoza kupita kumsika ndi uthenga wosiyana kotheratu ndi womwe unanenedwa, ndipo m'nyengo ya ndale uthenga wotere suchedwa kuyatsa moto. Inu oyendetsa mawayilesi, lamulo lake mumalidziwa kale, lili m'buku lililonse la utolankhani: dzina lonse poyamba, zilembo pambuyo. Pa nkhani za m'Chichewa onjezerani kunena ntchito ya bungwelo, chifukwa kutambasula zilembo m'Chingerezi sikuthandiza amene Chingerezicho sachimva. Zimatenga masekondi ochepa. Ndipo achinyamata anu owulutsa mapologalamu a nyimbo asiyeni anene OMG wawo, akudziwa amene akuyankhula nawo. Amene ndikudandaula naye ndi wowerenga nkhani za 7 koloko.

Sindikunena kuti Amalawi sangathe kumeza zilembo. Timazimeza bwino kwambiri zikatipeza ndi nthawi yokwanira. Depoti ya mabasi ya Wenela ku Blantyre ili ndi dzina lochokera ku WNLA, Witwatersrand Native Labour Association, bungwe lomwe linkalemba azigogo athu ntchito ya kumigodi ya ku South Africa. Zilembo zinayi zosatchulika anazipatsa mavawelo, zinakhala liwu, liwulo n'kukhala malo. AIDS, dzina lomwe linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1982, kwa ife ndi Edzi, ndipo timalilemba ngati liwu lina lililonse la Chichewa. Admarc, yomwe yakhalapo kuyambira 1971, mlimi aliyense amaidziwa osafunikira kutambasula. Izi zinatheka chifukwa mayinawo anakhala nafe zaka zambiri, ndipo zinthu zake tinkaziona ndi maso. Vuto la masiku ano ndi liwiro. Pologalamu iliyonse imabwera ndi zilembo zake, anthu akangoyamba kuzolowera zasintha. Alimi atazolowera FISP, mu 2020 kunabwera AIP. Iwo anangopitiriza kunena kuti makuponi, kapena feteleza wotsika mtengo, ndipo ine ndimaona kuti anachita nzeru kuposa opanga mayinawo. Ku University of Malawi kuli Centre for Language Studies, yomwe inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Unduna ukanagwira nawo ntchito kuti pologalamu yatsopano isanalengezedwe ikhale ndi dzina la m'ziyankhulo zathu lomwe munthu angalitchule ndi kulimva, komanso kuti mawu onga Edzi, omwe abadwa kuchokera ku zilembo, azilembedwa ndi kusungidwa pamene akubadwa.

Olemekezeka a Nduna, mbali yanu ndi ya aphunzitsi. Ambiri mwa ife tinaphunzitsidwa kuti pali Chingerezi chimodzi chokha cholondola, cha m'buku, ndipo china chilichonse ndi cholakwika choyenera cholembera chofiira. Ndi maganizo amenewo timalowa m'kalasi momwe ana akuyankhula Chingerezi cha pa TikTok, cha m'mafilimu, cha abale awo a ku Johannesburg ndi ku Leicester, ndipo timayamba nkhondo yomwe Swift anailephera zaka zoposa 300 zapitazo. Choipa kwambiri n'chakuti mwana amene wadzudzulidwa pagulu chifukwa cha "lol" nthawi zambiri sasintha n'kuyamba kuyankhula bwino, amangosiya kuyankhula Chingerezi pamaso pa mphunzitsi. Ndipo m'kalasi ya chiyankhulo, mwana wachete ndiye wovuta kumuthandiza kuposa wolakwitsa. M'makoleji a aphunzitsi, ku Domasi, ku Nalikule ndi m'ma TTC onse, muphunzitsidwe kuti Chingerezi cha pakati pa abwenzi ndi cha pamaso pa akuluakulu zonse ndi Chingerezi, ndipo ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti mwana ali nazo zonse ziwiri. Ndipo ngati pali ndalama yoti igwiritsidwe ntchito pa nkhaniyi, ipite ku mabuku a nthano ndi nyuzipepala m'malaibulale a sukulu za kumidzi, chifukwa mwana wosadziwa kulemba "because" sadzaphunzira liwulo polandidwa foni.

Chomaliza ndi chaching'ono, ndipo mungachiyambe mawa popanda bajeti. Makalata omwe amatsika kuchokera ku likulu kubwera m'sukulu amadzaza ndi w.e.f., ToR, CPD, SIP ndi zina zotero. A hedi amawawerenga mokweza pa msonkhano wa makolo monga momwe alembedwera, chilembo ndi chilembo, makolo n'kumangoyang'anana. Lamulani kuti kalata iliyonse yochokera ku unduna itambasule chidule chilichonse pomwe chatchulidwa koyamba, ndipo yoti ikawerengedwe kwa makolo ibwere ndi mawu ake a m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena chiyankhulo cha deralo.

Ine wanu pa ntchito ya maphunziro,

Mphunzitsi wa Chingerezi kusekondale